Minecraft pa foni: mmene mungapulumukire usiku woyamba mpaka kukafika pa dayamondi

Mwana wa achemwali anga, mnyamata wa Standard 7, anabwera kuno ku Matawale pa holide, nde tsiku lachiwiri lomwe anandipeza pakhonde ndikumanga khola la ng'ombe mu Minecraft, anakhala pambali panga nthawi yaitali osayankhula kanthu kenako anangoti "Ankolo ndibwerekeniko ndiyese." Ndinamutsegulira dziko latsopano n'kumusiyira foni. Pomwe ndimabwerako kogula mandasi anali atafa kale katatu, kamodzi chinamuphulikira chilombo chobiriwira chotchedwa creeper, kawiri anaphedwa mumdima ndi zinthu zomwe sanazione n'komwe, nkhope itagwa akuti gemu yake ndi yovuta. Zinandikhudza chifukwa inenso ndinatsala pang'ono kuisiya sabata yoyamba pa chifukwa chomwecho, gemuyi imangokuponya pakati pa tchire ulibe kalikonse m'manja ndipo palibe amene amakuuza kuti dzuwa ukuliona likutulukalo lilowa pakangotha mphindi 10. Zomwe ndinamuphunzitsa masiku otsatirawo ndi zomwe ndikulemba pano, mwa dongosolo lomwe ine ndimatsata ndikayamba dziko latsopano.

Kwa amene simunaionepo, mu Minecraft dziko lonse ndi la mabuloku, dothi, mwala, mtengo, mchenga, zonse ndi mabuloku ofanana kukula ndipo pafupifupi iliyonse mutha kuiphwanya, kuitola n'kukaiika pena. Anaiyambitsa ndi Markus Persson wa ku Sweden mu 2009, inatuluka yathunthu mu 2011, Microsoft inagula kampani yake ya Mojang mu 2014, ndipo pofika 2023 anali atagulitsa makope opitirira 300 miliyoni. Pali Java ya pa kompyuta ndi Bedrock yomwe ili pa mafoni, ambirife kuno ndi ya pa foni nde ndikamba za imeneyo ngakhale zambiri n'zofanana.

Musanalowe m'dzikomo

Ndi yogula pa Play Store koma mukaiika kamodzi simufunanso bandulo kuti musewere nokha, ine ndimasewera ngakhale magetsi atazima bola batire ilipo. Zija anthu amadawuniloda pa masamba osadziwika samalani nazo, zina zimabwera ndi mavairasi. Ngati ndalama palibe ilipo ina yaulere yotchedwa Luanti, kale inkatchedwa Minetest, mkati mwake mumaikamo VoxeLibre yomwe kaseweredwe kake n'kofanana kwambiri ndi zomwe ndikufotokozazi.

Potsegula dziko sankhani Survival. Creative ndi ija mumauluka, zinthu zonse zili kale m'thumba ndipo simufa, ndi yabwino pophunzira kumanga koma si imene tikukamba. Pa difficulty yambani ndi Easy, zilombo zimakhalapo koma sizipweteka kwambiri komanso njala payokha singakupheni. Kenako yatsani Show Coordinates, ichi musaiwale chonde, pakona ya sikirini paziwoneka manambala atatu, yapakati ndi Y yomwe imakuuzani kuti muli pamwamba kapena pansi bwanji, ziwiri zinazo ndi malo omwe mwaima. Foni ikakhala ya RAM yochepa tsitsani render distance, kutalika kwa dera lomwe gemu imakuonetsani, apo ayi izitentha n'kumadukiza.

Mukalowa muona mitima 10, umenewo ndi moyo wanu, timiyendo ta nkhuku 10 tomwe ndi njala, ndi timabokosi 9 pansi toika zinthu zogwira m'manja. Zinthu zambiri zimaunjikana mpaka 64 pa kabokosi kamodzi.

Mphindi 10 zoyamba

Tsiku lonse mu gemu ndi mphindi 20 zathu, masana ndi mphindi 10, zotsalazo ndi chisisira, usiku ndi m'bandakucha. Nde musayambe n'kuyendayenda kuona kukongola kwa dziko ayi, zimenezo mawa. Lembani kaye manambala a pomwe mwabadwira papepala kapena jambulani sikirini, kenako thamangirani mtengo womwe uli pafupi.

Ikani chala pa thunthu la mtengo osachotsa mpaka buloku ithyoke, chipika chigwa n'kulowa m'thumba mukachiyandikira. Inde ndi manja, nkhwangwa mulibe. Tolani zipika 10 kapena 12 musanachoke. Tsegulani thumba, chipika chimodzi chimatulutsa matabwa 4, ndipo matabwa 4 amapanga tebulo lopangirapo zinthu, pa sikirini limalembedwa crafting table. Tebulo limeneli ndi chiyambi cha zonse chifukwa m'thumba mumangokhala mipata 4 yopangira zinthu pomwe patebulo ilipo 9, ndipo zida zonse zimafuna 9 imeneyo. Liikeni pansi, ligundeni kuti litseguke. Matabwa 2 amapanga timitengo 4, kenako matabwa 3 ndi timitengo 2 ndi piki ya mtengo. Pa foni simuvutika kuloweza kayalidwe kake, pali buku pambali lomwe limaonetsa zomwe mungapange ndi zomwe muli nazo, mumangodina.

Apa mphwanga uja ankafuna kupanga zida zonse za mtengo, lupanga, nkhwangwa, fosholo, khasu, ndinamuletsa. Piki ya mtengo ntchito yake ndi imodzi basi, kukutengerani miyala itatu yoyamba. Imatha mukangomenya nayo pafupifupi ka 60, ya mwala imafika cha m'ma 130, ya chitsulo 250, ya dayamondi kupitirira 1,500, nde kuwononga matabwa ndi nthawi pa zida za mtengo n'kutaya masana omwe ndi ochepa kale. Phwanyani tebulo lija mulitenge, pitani pomwe pakuoneka mwala wotuwa m'mbali mwa phiri, ngati palibe kumbani dothi motsetsereka mabuloku ochepa mwala muupeza. Mwala ukamenya ndi manja umaphwanyika koma supereka kanthu, umafuna piki. Miyala 3 ndi timitengo 2, piki ya mwala. Miyala 2 ndi kamtengo kamodzi, lupanga. Nkhwangwa nayonso miyala 3 ndi timitengo 2. Kenako kumbani ina mpaka mukhale ndi 30 kapena kuposa, pa imeneyo 8 mupangire ng'anjo, furnace pa sikirini.

Gemu yonse yayalidwa choncho, ngati makwerero. Mtengo umakupatsani mwala, mwala umakupatsani chitsulo, chitsulo chimakupatsani dayamondi, dayamondi imakupatsani obsidian, mwala wakuda wolimba kwambiri. Mukadumpha sitepe mumangowononga, mwachitsanzo mukamenya dayamondi ndi piki ya mwala buloku imaphwanyika n'kusowa osakupatsani kanthu.

Moto ndi kuwala

Zilombo za mu gemu zimabadwira pamdima, pomwe pali muuni sizibadwa, choncho miuni ndi yofunika kuposa lupanga. Muuni umapangidwa ndi kamtengo kamodzi ndi lasha limodzi, zimatulutsa miuni 4. Malasha ndi mwala uja uli ndi madontho akuda, umapezeka kwambiri m'mbali mwa mapiri ndi pakhomo pa mapanga, mukauona kumbani wonse chifukwa lasha limodzi limaphika zinthu 8 mu ng'anjo.

Koma nthawi zina dzuwa limapendeka malasha osawaona, apa mpomwe ambiri amasowa mtengo wogwira pomwe yankho lili m'thumba mwawo momwemo. Makala. Ife a ku Zomba za makala sitichita kuuzidwa, timawaona m'mawa uliwonse akulowa mtawuni panjinga matumba atasanjikizana, ndipo mu gemu nzeru yake ndi yomweyo, ikani chipika pamwamba mu ng'anjo, pansi ikani matabwa ngati nkhuni, dikirani masekondi 10 khala latuluka. Limagwira ntchito chimodzimodzi ndi lasha, miuni imapangika, nyama imapsa. Zipika 3 zokha zakupatsani miuni 12, usiku woyamba zakwana.

Ndikufuna ndiime pang'ono pa nkhani ya mitengo chifukwa imandikhudza. Mukadula thunthu lonse masamba amayoyoka okha pang'onopang'ono ndipo amagwetsa mbande, ena amagwetsanso ma apozi. Tolani mbandezo muzidzale pompo pa dothi kapena pa udzu, pakapita kanthawi zimakula kukhala mtengo wathunthu. Dziko langa loyamba sindinkachita zimenezi, patangopita masiku ochepa malo onse ozungulira nyumba anali mbee, chipika chimodzi ndimakachitenga kutali mpaka usiku kundipezera m'njira. Tikayang'ana mbali zina za phiri lathuli tikuona zomwezo ndi maso, nde mphwanga ndinamuuza kuti mtengo umodzi ukadula udzale iwiri, ndipo anamva.

Pogona

Mukamayenda kufuna miyala maso akhale pa nkhosa. Ubweya 3 wa mtundu umodzi ndi matabwa 3 ndi bedi, ndipo bedi limachita zinthu ziwiri zazikulu, mukagonapo usiku umadumphidwa nthawi yomweyo kumacha, komanso mukafa mumadzukira pabedi pomwepo osati kuja munabadwira. Nkhosa iliyonse mukaipha imapereka ubweya umodzi ndi nyama, nde mufunika zitatu zofanana mtundu. Mukakumana ndi ng'ombe, nkhumba kapena nkhuku iphaninso ziwiri zitatu, ndiwo za usiku.

Dzuwa likayamba kufiira siyani chilichonse. Musayambe kumanga nyumba yokongola tsiku loyamba, nthawi sikwana. Chophweka n'kukumba m'mbali mwa phiri kachipinda ka mabuloku 3 mulitali, 3 mulifupi, 2 kupita mmwamba, kulowamo, kutseka khomo ndi dothi kapena chitseko, matabwa 6 amapanga zitseko 3, n'kuika muuni mkati ndi wina panja. Ngati zavutitsitsa, kulibe phiri kulibe nkhosa mdima wagwa, kumbani dzenje la mabuloku 3 kupita pansi pa dothi, imani momwemo muike buloku pamwamba pa mutu. Palibe chingakupezeni. Bedi limakana ngati chilombo chili pafupi mabuloku 8, likakana musatuluke kukachifuna mumdima, pitirizani ntchito mkati momwemo, phikani nyama, pangani bokosi ndi matabwa 8 losungiramo katundu, kumbani miyala ina.

Zomwe zili panjapo

Muyenera kuzidziwa chifukwa chilichonse chili ndi khalidwe lake. Zombi imayenda pang'onopang'ono manja ali kutsogolo ikubuula, imenyeni n'kubwerera m'mbuyo, imenyeninso, siivuta ikakhala yokha. Skeleton ndi mafupa okhaokha ali ndi uta, amalasa ali patali ndipo salephera kawirikawiri, musathamangire molunjika pabwalo, bisalani kuseri kwa buloku abwere yekha pafupi. Awiriwa dzuwa likatuluka amapsa pokhapokha ali pamthunzi kapena m'madzi, nde m'mawa musathamangire pansi pa mitengo. Kangaude amakwera makoma, masana sakuputani ngati simunamupute. Enderman ndi wamtali wakuda wa maso ofiirira, alibe nanu chifukwa bola musamuyang'ane kumaso, mukalakwitsa thawirani m'madzi kapena pansi pa denga la mabuloku 2 poti iye ndi wa mabuloku atatu salowamo.

Nde pali creeper. Wobiriwira, alibe manja, miyendo inayi yaifupi, ndipo sapanga phokoso lililonse poyenda, amangofika kumbuyo kwanu n'kuyamba tsssss ngati madzi agwera pa mbaula, kuchokera pomwepo muli ndi sekondi imodzi ndi theka asanaphulike. Sapsa ndi dzuwa nde amakhalapobe m'mawa, kawirikawiri pakhomo penipeni. Mukamva tsss musatembenuke kuti muone, thamangani kutsogolo basi, mukatalikira amaleka. Pomupha menyani kamodzi, bwererani, akazizira menyaninso, ndipo musamenyane naye pafupi ndi nyumba kapena bokosi la katundu chifukwa dzenje lomwe amasiya ndi lalikulu. Amaopa amphaka, mukadzapeza mphaka kumudzi muweteni ndi nsomba yaiwisi akhale pakhomo. Anabadwa mwangozi akuti, wopanga gemu ankafuna kupanga nkhumba n'kusokoneza kutalika ndi kufupika kwake.

Musakhalitsenso osagona, pakadutsa masiku atatu kumabwera ma phantom, zouluka zomwe zimatsika kuchokera kumwamba usiku.

Tsiku lachiwiri, mimba kaye

Timiyendo ta nkhuku tija timatsika mukamathamanga, kudumpha ndi kumenyana. Mitima imadzibwezeretsa yokha pokhapokha timiyendo tili 9 kapena 10, tikatsika kufika 3 simuthanso kuthamanga, nde munthu wanjala amafa ndi kabala kakang'ono komwe wokhuta akanachira. Nyama muziphika, ya ng'ombe kapena ya nkhumba yopsa imabweza timiyendo 4 pomwe yaiwisi ndi kamodzi ndi theka. Nkhuku yaiwisi ndi nyama yowola yomwe mazombi amagwetsa zimatha kukudwalitsani njala n'kumatsika msanga.

Nyama zakutchire zimatha mukamangopha, choncho munda ndi khola zisachedwe. Menyani udzu wautali mupeza njere za tirigu. Pangani khasu, miyala 2 ndi timitengo 2, limani pafupi ndi madzi chifukwa madzi amanyowetsa nthaka mpaka mabuloku 4 mbali zonse, ndi ulimi wa kudimba weniweni ngati wa m'mbali mwa Likangala. Musadumphire pamzere, nthaka imabwerera kukhala dothi wamba mbewu n'kuzuka. Dikirani tirigu achite kufiirira ngati wauma ndipo mukolole, mukafulumira mupeza njere yokha. Tirigu 3 ndi buledi mmodzi. Mafupa omwe ma skeleton amagwetsa musataye, fupa limodzi limatulutsa ufa 3 womwe ndi fetereza, mukathira mbewu imakula pompopompo.

Tirigu yemweyo mukamugwira m'manja ng'ombe ndi nkhosa zimakutsatirani, zilowetseni mu mpanda, dyetsani ziwiri zibereka kamwana. Nkhuku zimafuna njere, nkhumba karoti kapena mbatata. Mukakhala ndi mwayi wopeza mudzi ndiye mwalemera, kuli mabedi, minda, ndi mitolo ya tirigu yomwe umodzi ukaumasula umatulutsa tirigu 9, koma anthu akumudziko musawamenye, chimphona chachitsulo chomwe chimawalondera chikumalizani kawiri kokha.

Kutsikira pansi

Mimba ikakhala bwino nkhani ndi chitsulo. Musanapite ikani m'bokosi zonse zomwe simukufuna, tengani piki ziwiri za mwala, lupanga, miuni yosachepera 30, chakudya, zipika zingapo, tebulo, ndi mulu wa dothi kapena miyala wotsekera mipata. Mukafa zonse zili m'thumba zimamwazika pomwepo ndipo zimasowa pakatha mphindi 5, ichi nchifukwa chake manambala aja ndi ofunika, mukaona kuti zinthu zaipa yang'anani pakona muwaloweze. Kwa ana aang'ono pali Keep Inventory yoti katundu asamatayike, ili ku ma cheats nde mukaiyatsa ma achievements, zizindikiro zosonyeza zomwe mwakwanitsa, amatsekeka m'dziko limenelo.

Lamulo lalikulu, musakumbe buloku yomwe mwaimapo molunjika pansi. Simudziwa chili pansi pake, likhoza kukhala phanga lakuya kapena chiphalaphala cha moto, ndipo kugwa kopitirira mabuloku 3 kumayamba kudya mitima. Kumbani ngati masitepe, imodzi kutsogolo imodzi pansi. Molunjika mmwamba namonso ayi, mchenga ndi gravel zimagwa n'kukukwirirani. M'phanga miuni muziika mbali imodzi yokha, ine ndimaika kumanja polowa, nde pobwerera ndimadziwa kuti ikakhala kumanzere ndikulowera kunyumba. Ndi kanthu kakang'ono koma mapanga a mu gemuyi chisinthireni mu version 1.18 kumapeto kwa 2021 ndi akuluakulu zedi, amapita uku ndi uku, munthu umasochera ukuona. Mukafika m'mphepete mwa phompho dinani batani lonyonyomala, mukanyonyomala simugwa ngakhale mutafika pamapeto penipeni.

Chitsulo ndi mwala wa madontho otuwira ngati khofi wamkaka, musachisokoneze ndi kopa yemwe madontho ake ndi a olenji osakanikira kubiriwira. Chimapezeka kwambiri cha pa Y 16 komanso pamwamba pa mapiri ataliatali, kuti mumvetse madzi a m'nyanja amakhala cha pa Y 63. Chikumbeni ndi piki ya mwala, chiotcheni mu ng'anjo chisanduke zitsulo zoyera.

Zitsulo zoyamba anthu amasiyana maganizo koma ine ndimatere. Chimodzi choyambirira chipite ku chishango, matabwa 6 ndi chitsulo chimodzi basi, chimatchinga mivi ngakhalenso kuphulika kwa creeper ngati mwamuyang'ana, pa foni chimagwira ntchito mukanyonyomala. Zitatu zotsatira piki. Zitatu zina ndowa. Zovala zizibwera pambuyo, zonse pamodzi zimadya zitsulo 24, cha pachifuwa 8, buluku 7, chipewa 5, nsapato 4, yambani ndi cha pachifuwa.

Ndowa ya madzi anthu amaipeputsa koma yandipulumutsa kambiri kuposa lupanga. Mukayaka moto thirani pansi muzime. Mukafuna kutsika phompho thirani m'mphepete mutsike ndi madziwo ngati mathithi. Mukakumana ndi chiphalaphala thirani pamwamba pake chiuma kukhala mwala. Ndipo kunyumba kumbani kadzenje ka mabuloku 2 kwa 2, thirani ndowa imodzi pakona ina pakona yoyang'anana nayo, mwapanga chitsime chosaphwa, mutunga mpaka kalekale.

Dayamondi

Dziko limatsika mpaka Y -64. Mukadutsa 0 mwala umasintha kukhala wakuda wolimba wotchedwa deepslate, kukumba kumachedwerako. Dayamondi imayamba kupezeka pansi pa Y 16 koma imachuluka mukamatsika, malo abwino ndi cha pa -58. Mukafika pamenepo kumbani njira yowongoka ya mabuloku 2 mmwamba imodzi mulifupi, kenako nthambi kumanja ndi kumanzere mukusiya mabuloku awiri pakati pa nthambi ndi inzake, potero palibe mwala womwe ungabisale osauona. Ndi ntchito yofuna kudekha, mwina mphindi 20 osapeza kanthu kenako mwadzidzidzi timadontho ta buluu towala tili pakhoma.

Apa mverani bwino. Ulendo wanga woyamba kupeza madayamondi anali asanu pamodzi, unali usiku magetsi atazima foni ili pa 9 peresenti, mtima unkagunda ngati ndi zenizeni, nde chifukwa chothamangira batire ndinangoyamba kumenya osayang'ana. Buloku yachitatu itathyoka kuseri kwake kunali chiphalaphala, chinatsika n'kundipeza m'kanjira kopapatiza kopanda kothawira, ndowa ya madzi inali m'thumba osati pa timabokosi ta pansi tija. Zonse zinapsa, madayamondi, piki, zovala za chitsulo zomwe ndinazivutikira masiku anayi, poti chogwera m'chiphalaphala sichibwerera ngakhale mutathamanga bwanji. Ndinakhala mumdima muja kwa kanthawi foni ili m'manja. Kuyambira tsiku limenelo ndikaona dayamondi ndimayamba ndakumba mabuloku onse oizungulira kuti ndione kuseri ndi pansi pake, ndikapeza moto ndimatseka ndi mwala kapena kuthira madzi, ndowa imakhala pa kabokosi koyandikana ndi piki nthawi zonse, ndipo batire ikafika pa 15 ndimabwerera kunyumba n'kutuluka bwinobwino ndi Save & Quit.

Kumusi komweko mukaona pansi pasanduka pakuda mobiriwira pali timadontho tonyezimira ngati nyenyezi, bwererani mwakachetechete. Kumeneko ndi kwa warden, chilombo champhamvu kwambiri, saona koma amamva phokoso lililonse ndipo ngakhale mutavala zotani sachedwa kukumalizani.

Madayamondi atatu oyamba pangani piki. Awiri otsatira sungani a tebulo la enchanting, limafuna madayamondi 2, obsidian 4 ndi buku limodzi, ndi lomwe limawonjezera mphamvu pa zida pogwiritsa ntchito ma level omwe mwakhala mukutolera popha zilombo ndi pokumba, pamodzi ndi mwala wa buluu wa lapis.

Kuchokera apa gemu imatseguka, palibe amene amakukakamizani njira. Ofuna kuimaliza amapita ku Nether, dziko la moto, kukatenga ndodo za ma blaze, zilombo zoponya moto, n'kuziphatikiza ndi ma pearl a enderman kupanga maso omwe amalondolera ku stronghold, linga la pansi pa nthaka, komwe kuli khomo la ku End, dziko la chinjoka. Ku Nether kumbukirani zitatu, madzi sathirika amangouma, bedi mukaligonera limaphulika, ndipo valani kanthu kamodzi ka golide kuti ma piglin, zilombo zooneka ngati nkhumba, asakuputeni. Buloku imodzi kumeneko ndi mabuloku 8 kuno nde ena amangokugwiritsa ntchito ngati njira yachidule. Ine chinjoka ndinachipha kamodzi kokha, chomwe chimandikoka ndi kumanga, panopa ndili pakati pomanga damu pakati pa mapiri awiri motengera la Mulunguzi, ndi mitengo ya spruce kuzungulira poti ndi yomwe imafanana ndi paini wa ku Chawe.

Kusewera awiri sikufuna bandulo yambiri ngati muli pamodzi, wina ayatse hotspot winayo alumikize, mafoni onse akhale ndi version imodzi, mwini dziko alowe kaye ndipo dzikolo limaonekera kwa mnzakeyo. Umu ndi mmene tinkachitira ndi mphwanga pa foni yanga ndi ya alamu ake a nyumba yoyandikana nayo, iye kumunda ndi kukhola ine kumgodi, madzulo a mu gemu tikumana pakhomo aliyense ndi zomwe wapeza. Mukagona nonse mpomwe kumacha, nde mabedi akhale awiri.

Sabata yatha analemba uthenga pa foni ya amayi ake, akuti "Ankolo ndapeza madayamondi 4 ndipo sindinapse, nanga geti la ku Nether limafuna ma obsidian angati?" Ndinamuyankha kuti 10 ngati sakuika m'makona, 14 ngati akufuna lathunthu, likhale la mabuloku 4 mulifupi 5 mmwamba, obsidian apange pothira madzi pa chiphalaphala chodekha osati choyenda ndipo akumbe ndi piki ya dayamondi yokha, poyatsa agwiritse chitsulo chimodzi ndi mwala wa flint womwe umatuluka mu gravel, ndipo asanalowe alembe manambala a getilo mbali zonse ziwiri, akamalize kaye homuweki.